Mikeka ndi makapeti amanja: opani madzi kuposa fumbi

Mvula ikayandikira, ogulitsa mbewu ndi feteleza amasekerera, koma ogulitsa mikeka, mphasa ndi makapeti opangidwa pamanja amayamba kuyang'ana kumwamba ndi nkhawa. Katundu wawo ndi wochokera ku zomera ndi ku ubweya wa nkhosa. Akangonyowa n'kupindidwa asanaume, mpamba umaolera m'shedi mwiniwake ali mtulo.

Vuto lina limachokera kunyumba kwa wogula. Zimachitika kawirikawiri kuti mayi wagula kapeti wa khonje wooneka bwino, patha mwezi umodzi akutulukira pabenchi panu nkhope ili gwaa, akuti munawagulitsa chinthu chachabechabe. Kapeti uja wakwinyika, wachita mabanga ofiirira, akununkha chinyezi. Mukafunsa modekha mupeza kuti anamunyika m'beseni la sopo waufa usiku wonse ngati bulangete. Woluka sanalakwe, inunso simunalakwe, koma mbiri yoipa yatsala pa inu, ndipo mayiwo akauza anzawo kumpingo ndi kubanki m'khonde.

Sabata ino tikambirane za kasamalidwe ka katundu ameneyu. Mfundo yake ndi imodzi: chinthu choluka pamanja chimatsukidwa molingana ndi chimene anachipangira, ndipo pa zonse zimene zimachiononga, madzi okhalitsa ndiwo amaposa. Wamalonda amene akudziwa zimenezi amateteza katundu wake, komanso amakhala ndi chouza kasitomala pomupatsa chenji.

Yambani mwadziwa chimene mukugulitsa

Pamisika yathu timapeza mitundu inayi ikuluikulu.

Woyamba ndi mikeka ndi mphasa. Mkeka amaluka ndi mlaza, masamba a mgwalangwa amene amapezeka kwambiri m'madera otentha monga Mangochi, Salima ndi kuchigwa cha Shire. Oluka amayamba ndi timizere titalititali, kenako amatisokerera pamodzi, ndipo ena amanyika mlazawo mu utoto kuti mkeka ukhale wamawangamawanga. Mphasa ndi ya bango long'alula, lolumikizidwa ndi zingwe.

Wachiwiri ndi makapeti ndi zopondera pakhomo za khonje. Ulusi wa khonje ndi wolimba zedi, suopa mapazi, koma umamwa madzi msanga.

Wachitatu ndi zoyala zansanza, zimene amayi ndi achinyamata ambiri akupanga pomangirira tizidutswa ta nsalu zotsala kwa atelala pathumba kapena pachiguduli. M'gulu lomweli tiikemo zoyala zoluka ndi ulusi wa thonje.

Wachinayi ndi makapeti a ubweya wa nkhosa omanga mfundo pamanja. Awa kwawo ndi kumayiko monga Iran, Turkey, Afghanistan, Pakistan, India ndi Morocco, ndipo kuno amatipeza kudzera m'kaunjika kapena kwa anthu amene akugulitsa katundu wa m'nyumba posamuka. Ndi osowa, koma mmodzi yekha angathe kuposa mtengo wa mikeka yonse pabenchi, choncho m'pofunika kumuzindikira.

Mutembenuzeni muone kumsana. Kapeti womanga pamanja amaonetsa maluwa ake kumsana monga momwe alili kumaso, mfundo zake sizifanana ndendende, ndipo mphonje za kumapeto ndi ulusi womwewo umene wayenda m'thupi lonse la kapetiyo. Mukaona mphonje zochita kusokerera, kapena kumsana kuli kosalala ngati pulasitiki, ameneyo ndi wa makina. Palinso ena, ambiri ochokera ku India, amene ubweya wake amausomeka pansalu n'kumata guluu, kenako n'kuphimba kumsana ndi nsalu ina. Amenewa musawanyike m'madzi chifukwa guluu akafewa ubweya umayamba kuthothoka.

Ngati mukukayika kuti ndi ubweya weniweni, zulani kaulusi kamodzi mukayatse ndi machesi panja. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalitikita. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa. Ulusi wa pulasitiki umasungunuka n'kuuma ngati kamkanda.

Madzi amaononga bwanji?

Mlaza, bango, khonje ndi thonje ndi zomera zouma. Zikanyowa zimafufuma, zikamauma zimabwerera, koma sizibwerera mofanana paliponse. N'chifukwa chake kapeti wa khonje wochapidwa amapindika m'makona ndipo sagonanso pansi bwinobwino. Madzi amasungunulanso mtundu wachilengedwe wa mu ulusiwo n'kuukokera m'mphepete mwa pamene panyowa, pakauma pamatsala mzere wofiirira ngati mapu. Mzere umenewu suchoka wamba.

Choopsa kwambiri ndi chuku. Chinthu chonyowa chikakhala pamalo opanda mphepo, chuku chimatha kuyamba pasanathe masiku awiri. Chimayamba ngati timadontho totuwa kapena takuda, chimadya ulusi, ndipo fungo lake silibisika. Kwa anthu a mphumu ndi ana aang'ono, kugona pamkeka wachuku kumautsa chifuwa.

Kapeti wa ubweya ali ndi vuto lakelake. Pamwamba pamatha kuoneka pouma pomwe m'kati, mmene muli ulusi wa thonje wogwira mfundo, mudakali chinyezi. Ulusi umenewo ukaola, kapeti amang'ambika ngati pepala tsiku limene mukumunyamula. Ndiye chikomekome cha nkhuyu chija, m'kati muli nyerere.

Fumbi lichotsedwe louma

Litsiro lambiri la pachoyala ndi fumbi ndi mchenga, ndipo zimenezi sizilira madzi. Mchenga ukalowa pansi pa ulusi, munthu aliyense wopondapo amaukhuthiza pa ulusiwo, n'kumaudula pang'onopang'ono ngati tupa. Mukathira madzi musanachotse fumbi, mwapanga matope ndipo mwawalowetsa m'kati.

Choncho ntchito yaikulu ndi yosesa ndi kukuntha. Sesani ndi tsache lofewa kawiri kapena katatu pasabata. Pamkeka ndi pamphasa tsatirani mmene mizere yayendera. Pakapeti wa ubweya yendetsani dzanja kaye kuti mumve kumene ubweya wagonera, musese molowera komweko. Kamodzi pasabata nyamulani choyalacho musese pansi pake, chifukwa mchenga umadutsa m'mipata n'kukaunjikana pasimenti.

Kamodzi pamwezi, makamaka m'miyezi ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala, tulutsani choyalacho panja. Chopepuka chikutumuleni. Cholemera chipachikeni pamtengo wopingasa wosalala, muchimenye kumsana ndi chinthu chophwatalala. Ndodo yopyapyala imadula ulusi, waya woyanikira zovala nayenso amasiya mzere. Kapeti wakale wofooka musamupachike: muyaleni chafufumimba pamalo oyera, mumugogode pang'onopang'ono, mumunyamule, musese fumbi lagwalo, mubwerezenso mpaka lisiye kugwa.

Amene ali ndi makina okoka fumbi agwiritse ntchito kukamwa kopanda burashi yozungulira, ndipo asafike nawo pamphonje chifukwa amazimeza n'kuzidula.

Mkeka ndi mphasa

Mkeka wa tsiku ndi tsiku umangofuna kupukuta ndi kansalu konyowa kofinya bwino, mbali zonse ziwiri, kenako kuuyanika. Ukada kwambiri, kapena mwana akakodzerapo, sankhani tsiku ladzuwa ndipo muyambe m'mawa. Uyaleni pamalo otsetsereka, muukweche mopepuka ndi burashi yofewa ndi madzi a sopo pang'ono, mutsukuluze msanga, muuimike kuti madzi atsike. Osausiya m'madzi kuti ufewe. Ngati ndi wautoto, yesani kaye pakona: dindani kansalu koyera konyowa kwa mphindi imodzi. Kakatenga mtundu, mkeka umenewo ndi wongopukuta basi.

Dzuwa ndi mnzanu koma lili ndi malire. Maola ochepa mbali iliyonse akwanira. Mkeka wosiyidwa padzuwa la Okutobala masiku angapo umasuluka ndipo mlaza umauma gwa n'kuyamba kuthetheka. Oluka amawaza madzi pamlaza kuti ufewe poluka, ndipo inunso mukaona mkeka wauma kwambiri, upukuteni ndi kansalu konyowa musanaukulunge.

Pamphasa, bango limapirira madzi koma zingwe ndizo zimaola. Chingwe chimodzi chikaduka mabango amayamba kusololoka, mphasa yonse n'kumasuka. Mukaona chingwe chalekeza, chimangeni tsiku lomwelo. Chimodzimodzi m'mphepete mwa mkeka: pamene payamba kusomboka sokanipo msanga. Ena amasokerera kansalu kuzungulira m'mphepete monse, zimene zimatalikitsa moyo wa mkeka ndiponso zimaukongoletsa moti mungakwezeko mtengo.

Kumudzi, nyumba ikangoziridwa kumene, dikirani pansi paume musanayale. M'mawa uliwonse mphasa yogonera ichotsedwe pansi n'kuimikidwa, osaisiya pomwepo tsiku lonse.

Khonje: lamulo ndi losachapa

Kapeti wa khonje sachapidwa, ndipo kasitomala aliyense auzidwe zimenezi asanachoke pabenchi. Chikatayikirapo chinthu, dindani msanga ndi nsalu youma mpaka isiye kunyowa. Ngati patsala banga, gwiritsani ntchito thovu lokha la sopo pakansalu, mudinde, mupukute ndi kansalu kena kofinya, kenako muumitse mwachangu pamphepo. Matope asiyeni aume, muwapale ndi msana wa mpeni, musese.

M'nyumba zathu zambiri chimene chimapha khonje ndi chikolopa. Wokolopa amazungulira kapeti m'mawa uliwonse, madzi n'kumalowa m'mphepete, pakutha pa mwezi m'mbali monse mwada. Kapeti achotsedwe pokolopa, abwezeredwe pansi patauma. Polishi wofiira wa pasimenti nayenso amamatirira kunsi kwa choyala ndipo sachoka, choncho pamene pakhale kapeti pasapakidwe polishi wambiri. Khonje si wa kubafa, kukhitchini kapena pakhonde pofika mvula.

Zoyala zansanza ndi za thonje

Izi ndizo zokha zimene zimalola kuchapa kwenikweni. Zikuntheni kaye, muzichape m'madzi ozizira ndi sopo wochepa, mozifinyafinya ndi manja, osazipotokola kapena kuzimenyetsa pamwala chifukwa mfundo zimamasuka. Vuto lake ndi utoto. Nsanza zimachokera ku nsalu zosiyanasiyana, ina yofiira ikayamba kutulutsa mtundu imathimbiriritsa zoyera zonse. Yesani ndi kansalu koyera monga tafotokozera, ndipo musazinyike nthawi yaitali.

Inu amene mumapanga nokha zoyalazi, chapani nsalu zamitundu yowala musanaziduledule. Ndi ntchito yoonjezera ya tsiku limodzi, koma mudzatha kuuza kasitomala mosaphethira kuti choyala chanu sichisuluka. Thumba lomangirapo nalonso lichapidwe bwino, makamaka ngati munali feteleza.

Poyanika, yalani pathandala kapena paudzu wouma, kumsana kuyang'ane kumwamba, muzitembenuza. Choyala chonyowa chikalendewera pachingwe chimatamuka mbali imodzi.

Kapeti wa ubweya

Ubweya wa nkhosa uli ndi adani atatu: madzi otentha, sopo waukali ndi kukwecha mwamphamvu. Zitatuzi zikakumana ubweya umagwirana n'kuuma ngati chikumba, ndipo subwereranso. Mankhwala oyeretsera zovala okhala ndi klorini, monga Jik, amadya ubweya mpaka kuusungunula. Sopo waufa wochapira zovala nayenso ndi waukali kwa ubweya ndipo amasulutsa utoto.

Kapeti wotere safuna kuchapidwa chaka chilichonse. Ngati wada pamwamba, sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale mu lita imodzi ya madzi ozizira. Yesani mtundu uliwonse ndi kansalu koyera, makamaka wofiira ndi wabuluu. Ngati sukutuluka, pukutani kachigawo kakang'ono nthawi imodzi ndi siponji yofinya, motsata kumene ubweya wagonera, kenako mubwereze ndi madzi oyera mpaka sopo athe. Sopo wotsalira amakoka fumbi, kapeti n'kuda msanga kuposa kale. Dindani ndi thaulo louma, mumuyanike pamthunzi podutsa mphepo, atakwezedwa kuti mpweya uzipita pansi. Musanamubweze m'nyumba, pisani zala mpaka pansi pa ubweya ndiponso mugwire kumsana. Pakazizira ndiye kuti sanaume.

M'matauni anthu azolowera kupititsa makapeti kotsukira magalimoto. Kapeti wa makina wa pulasitiki amapirira paipi yamphamvu ija, koma wa ubweya, wa khonje ndi womata guluu amabwerako ataonongeka. Kapeti wa ubweya wamtengo wapatali akafuna kuchapa thupi lonse, apite kwa odziwa ntchitoyo, ndipo muwafunse kaye sopo amene agwiritse ntchito ndi mmene aumitsire.

Kawiri pachaka mutembenuzeni kuti mbali imene inali kukhomo ipite kukhoma. Potero mapazi ndi dzuwa la pawindo sizidya mbali imodzi yokha.

Zikatayikira, changu ndiye mankhwala

Lamulo ndi lofanana pa choyala chilichonse: dindani, osatikita. Kutikita kumafalitsa banga ndi kulilowetsa m'kati. Yambirani m'mphepete mwa banga kulowera pakati, ndi nsalu yoyera yosatulutsa mtundu.

Tiyi, khofi ndi zakumwa zotsekemera: dindani mpaka nsalu isiye kunyowa, kenako pukutani ndi madzi a sopo pang'ono. Banga likakanirira, sakanizani kapu imodzi ya vinega woyera ndi makapu atatu a madzi, mudinde nazo.

Mafuta ndi msuzi: chotsani zolimba ndi supuni, muwaze ufa woyera kapena soda wophikira, musiye maola angapo kuti zimwe mafutawo, kenako musese.

Mkodzo wa mwana kapena wa chiweto: dindani msanga, mutsatize madzi a vinega aja, muumitse. Mkodzo ukakhalitsa umasintha mtundu wa ubweya.

Magazi: madzi ozizira okha. Otentha amawaphika n'kuwamatiza pa ulusi.

Kandulo, amene amadontha kawirikawiri magetsi akazima: dikirani aume, mupale ndi supuni, muyalepo pepala lakhaki, musite mopepuka ndi simbi yofunda chabe. Pepala limamwa phulalo. Pa ulusi wa pulasitiki simbi isayandikire.

Chenjezo: musasakanize vinega ndi mankhwala a klorini. Zikakumana zimatulutsa mpweya wapoizoni umene umapweteka maso ndi mapapo.

Kusunga katundu nyengo ya mvula

Kuyambira Novembala mpaka Epulo, komanso m'masiku a chiperoni a Juni ndi Julayi ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, mpweya weniweniwo umakhala ndi chinyezi. Katundu amatha kuchita chuku ngakhale dontho la mvula lisanamugwere.

Musaike katundu pansi, ngakhale pasimenti, chifukwa simenti imatulutsa chinyezi. Konzani thandala lotalika ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri, ndipo musiye mpata pakati pa katundu ndi khoma. Mpata umenewu umathandizanso kuona msanga njira za chiswe, chimene chingathe kuboola mulu wa mphasa kuchokera pansi inu mukuona pamwamba pali bwino.

Kulungani ngati mpukutu, osapinda ngati nsalu. Popindapo mlaza ndi khonje zimathyoka, ndipo kapeti wa ubweya amatsala ndi mzere. Kapeti wa ubweya akulungidwe kumaso kuli m'kati. Musasanjike mulu wautali chifukwa zapansi zimaphwanyika ndipo sizipuma.

Pepala la pulasitiki ndi lotchingira mvula pamsika, si losungiramo katundu. Mukakuta katundu ndi pulasitiki usiku wonse, thukuta limadzera m'kati. Posunga nthawi yaitali kutani ndi nsalu ya thonje, monga chitenje chakale chochapa. Pamsika pulasitikiyo ikhale ngati denga, mphepo izidutsa m'mbali.

Mkeka umene wavumbwa masana usalowe m'mulu madzulo. Uimikeni padera wotambasula, mawa muuyanike. Dzuwa likawala pakati pa sabata ya mvula, tulutsani katundu yense apume, zapansi zibwere pamwamba.

Pooda, makamaka mukapita nokha kwa oluka kunyanja kapena kuchigwa, tambasulani mkeka uliwonse, osangoona wapamwamba pamtolo. Ununkhizeni. Fungo la chinyezi ndi timadontho takuda m'mizere ndi chizindikiro choti unapindidwa wosauma. Pamphasa gogodani pansi muone ngati pakugwa ufa, umene umasonyeza kuti bango lafumbwa. Mtolo ukakwera pamwamba pa galimoto kapena panjinga, ukutidwe bwino, ndipo mukangofika muumasule.

Chuku chikagwira kale, tulutsani katunduyo panja, mumuyanike aume, mutseke mphuno ndi pakamwa ndi kansalu, mukweche ndi burashi youma, mupukute ndi madzi a vinega, muyanikenso. Chapamwamba chimachoka, koma madontho akuda olowa m'kati sachoka. Wotereyo mugulitseni motsitsa mtengo ndipo mumuuze wogula chifukwa chake.

Tizilombo

Ubweya umadyedwa ndi mphutsi za njenjete, zimene zimakonda malo amdima osasesedwa monga pansi pa sofa ndi pansi pa bedi. Zizindikiro zake ndi malo ometeka, timaukonde toyera ndi timibulu ngati mchenga. Mankhwala ake oyamba ndi tsache, kuwala ndi mphepo. Kapeti wa m'kaunjika mumukunthe ndi kumuyang'anitsitsa mbali zonse, ndipo akhale payekha masiku angapo asanasakanizidwe ndi katundu wina, poopa njenjete, utitiri ndi nsikidzi. Nsikidzi zimakondanso kubisala m'mipata ya mphasa.

Apa tichenjezane mwamphamvu. Mankhwala a kumunda, a thonje kapena a tomato, ndi mankhwala osungira chimanga asathiridwe pa chinthu chimene munthu adzagonapo kapena mwana adzakwawapo. Mapiritsi ofukizira chimanga amatulutsa mpweya wakupha ndipo sayenera kulowa m'nyumba yogona anthu. Timibulu toyera tothamangitsa njenjete m'zovala natonso ndi poizoni, ndipo ana amatiyesa maswiti.

Tiwerengere limodzi

Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo mitengo ya kumsika kwanu. Tinene kuti mwaoda mikeka 30 pa K4,000 umodzi, yonse K120,000. Mayendedwe ndi ziphaso za msika zadya K15,000. Mwalowetsa K135,000. Mukagulitsa yonse pa K6,000 mupeza K180,000, phindu K45,000.

Tsopano mikeka 6 yachita madontho, mwaigulitsa pa K3,000. Phindu latsika kufika pa K27,000. Koma ikaonongekeratu mikeka 8, yotsala 22 ikupatsani K132,000, kutanthauza kuti mwagwira ntchito mwezi wonse n'kudya mpamba ndi K3,000. Yerekezani ndalama imeneyi ndi mtengo wa mitengo inayi, timatabwa ndi misomali yokhomera thandala.

Zouza kasitomala

Anthu ena amaganiza kuti katundu akaonongeka msanga wogula abweranso msanga. Amabweradi kumsika, koma amapita pabenchi ya mnzanu. Pomupatsa katundu, mufunseni kumene akukayala. Akati kukhitchini kapena pakhonde, mulozereni choyala chansanza chochapika kapena mphasa, osati khonje. Akati ali ndi ana aang'ono, muuzeni zoona za mkeka wautoto.

Kenako mupatseni malangizo anayi osavuta kukumbukira: asese kawirikawiri ndi pansi pomwe, chikatayikira adinde msanga osatikita, asanyike m'madzi, ndipo asakulunge chisanaume. Mungathe kulemba mawu amenewa pakapepala pamodzi ndi nambala yanu ya foni n'kumangirira pakatundu. Amene mumatsatsa malonda pa WhatsApp, atumizeni pamodzi ndi chithunzi cha katunduyo.

Palinso geni ina imene yabisala m'nkhaniyi. Kusoka m'mphepete mwa mikeka, kumanganso zingwe za mphasa ndi kukuntha makapeti m'makomo ndi ntchito zosalira mpamba wambiri: singano yaikulu, chingwe, burashi yofewa ndi vinega. Mukayamba ntchito yotere, onani katunduyo pamodzi ndi mwiniwake musanamugwire, mumusonyeze mabanga ndi pong'ambika pamene palipo kale, ndipo musalonjeze kuchotsa banga limene simukulidziwa chiyambi chake.

Mitambo isanayambe kuda, pitani m'shedi mwanu lero, mukweze katundu pathandala, muone denga ngati likudontha, ndipo mutambasule mkeka wapansi penipeni pamulu muununkhize.